Mpando wa Elifala mu Helikopita

Chibwerereni kunkhondo ya kunja, Sajeni Elifala Kamzingeni sankaona tulo. Chigayo cha kuseri kwa nyumba yake chikangolira, ankadzidzimuka n'kuyang'ana kumwamba. Mkazi wake, Nachisale, ankati mwina ndi mabomba aja. Sanali mabomba.

Elifala anali m'gulu la asilikali okakhazikitsa mtendere m'dziko lina la nkhalango ndi mapiri. Tsiku lina dzina lake linatuluka pakati pa okwera helikopita yokasiya mankhwala kwa anzawo a kuphiri. Koma dzulo lake anali atamwa mowa mobisa, ndipo anadzuka mutu uli waukulu. Anauza akuluakulu kuti wadwala malungo, n'kupempha mnzake, Kopolo Lufeyo Gwaza, kuti amupitire.

"Malungo ake onunkha kachasuwa?" anaseka Lufeyo uku akumanga nsapato. "Gonani, achimwene. Tionana madzulo."

Helikopitayo inalowa m'nkhungu n'kukawomba phiri. Anthu onse asanu ndi mmodzi anathera pomwepo. Bokosi la Lufeyo linapita kwawo ku Ntchisi lili lokhomakhoma, litakutidwa ndi mbendera. Elifala atabwerera kuno kumudzi, inatha miyezi isanu ndi iwiri osapondako phazi kwa a Gwaza.

Lamulungu lina masana anakhala pakhonde thupi lili lefu, tulo n'kumuba.

Anangoona ali pabwalo la ndege la kunkhondo kuja, udzu wonyowa ukumuzizira kumapazi. Mapiko a helikopita ankazungulira, koma kunali zii. Fungo la mafuta linasakanikirana ndi la fodya wopichira pamanja, ndipo fungo limenelo analizindikira asanaone munthu. Pakhomo la helikopita panali pataima agogo ake aamuna, msilikali wakale wa Keyala, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, amene anamwalira Elifala asanamere ndevu. Anavala kabudula wa khaki, opanda nsapato. M'katimo munali munthu mmodzi yekha, atafulatira, zala zili pa zingwe za nsapato.

"Elifala."

"Wawa, agogo."

"Mpando uwu ngwa yani?"

"Ngwanga."

"Nanga wakhalapoyu ndani?"

Elifala anayang'ananso m'katimo, n'kuzindikira msana wa Lufeyo.

"Ife pankhondo ya Azungu tinasiya anzathu m'nthaka ya eni," anatero agogowo ndi mawu apansipansi. "Koma wobwerako wamoyo ankayamba wakagwada pakhomo pa mayi wa womwalira, kukanena mmene mwana wawo anafera. Ine ndinayenda wapansi masiku anayi kukatula mawu otere. Iwe basi ilipo. Kwawo kunafika bokosi lokha. Mwini wake ndi uyu, akudikira womuperekeza."

"Agogo, akandilavulira kumaso."

"Malovu amauma. Koma mayi akewo akatsikira kuli chete usanapite, udzauza yani?"

Nkhungu inadza n'kuwaphimba onse awiri. Elifala anadzuka malaya atanyowa ndi thukuta, dzuwa likadali paliwombo.

Anamuitana mkazi wake n'kumufotokozera zonse, kuyambira pa mowa uja.

"Mawa mulawirire," anatero Nachisale. "Koma yunifolomu musavale. Mukafike ngati mwana wolakwa."

Anafika kwa a Gwaza dzuwa litapendeka. Mayi a Lufeyo, a Nankhoma, anawapeza akuswa mtedza pamkeka. Anamupatsa mpando, iye anaukana, n'kugwada m'fumbi. Ananena dzina lake, ananena za mowa, za bodza la malungo, za nkhungu. Sanasiyeko kanthu.

Manja a mayiwo anaima m'lichero.

"Akuluakulu anu anatiuza za nkhungu. Za inu sanatiuze."

"Sankazidziwa, amayi."

"Munachita kumukakamiza?"

"Ayi. Anadziwa kuti ndikunama. Anangoseka, n'kupita."

A Nankhoma anaphimba nkhope ndi chitenje. Analira mosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedera. Elifala anakhalabe chogwada mpaka mawondo anachita dzanzi.

"Ndi yemweyo mwana wanga," anatero akupukuta misozi. "Ali wamng'ono ankakwapulidwira mbuzi za anzake zikadya mmera, iye osaulula. Bambo, sindikunamizani kuti mtima wanga wayera. Lero ayi. Mwina ndi mawa lomwe ayi. Koma miyezi yonseyi ndakhala ndikufunsa Mulungu ngati mwana wanga anakwera chinthucho ali ndi mantha. Mwati anaseka?"

"Anaseka, amayi."

Mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenaka analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi khasu.

"Dzukani. Pamene anagona mnzanu pamera udzu, ndipo ine msanawu unandikana."

Anatumiza mawu kwa eni manda, ndipo mlongo wa a Nankhoma anabwera kudzawatsogolera. Elifala analambula mtumbirawo mpaka matuza anaphulika m'manja, osaweramuka. A Nankhoma anaima chapatali pansi pa mtengo, manja ali kumbuyo. Udzu womaliza utazulidwa, anasendera pafupi n'kuyankhula ngati akudzutsa mwana wogona.

"Lufeyo, mnzako uja wabwera."