Zopondera za Pearson

Pearson, kalaliki wa pashopu ya matayala ku Limbe, anali ndi nthenda imodzi: mpira. Bwana wake, a January, anali atamupezerera kawiri akuonera mpira pakompyuta ya ofesi. Dzanja lake limachedwa kufika pa kiyibodi kuti abise mpirawo chifukwa nthawi zambiri limakhala lili m'jumbo ya tchipisi.

Loweruka anapita kwa mchemwali wake Felicia, wokonza mafoni ku Chilobwe, nam'dandaulira.

"Ndiye mukufuna ndikuthandizeni kuba nthawi ya abwana, achimwene?"

"Kuba ayi. Kubwereka."

Felicia anaseka mpaka kutsokomola, koma nkhaniyo inamukoka mtima. Anatenga zopondera ziwiri za makina osokera akutha, nawotcherera mawaya ake pa kabolodi kakang'ono ngati bokosi la machesi. Kenako analemba pulogalamu yonamiza kompyuta kuti kabolodiko ndi kiyibodi. Poyesa koyamba, kuponda kamodzi kunalemba chilembo chimodzimodzi tsamba lonse. Anatukwana, nakonza.

"Chakumanzere chibisa mpira, chakumanja chiubweza," anatero. "Mukagwidwa, ine simukundidziwa."

Kwa kanthawi Pearson anadya bwino. Chitseko chikangoti kwee, phazi linkaponda, pasikirini n'kubwera mitengo ya matayala. A January mpaka anamuyamikira pamaso pa anzake kuti mnyamatayu wasintha.

Tsoka linabwera tsiku limene timu yake inkasewera masana. Bwana analowa, Pearson anaponda bwinobwino, koma anaiwala kuti kachipangizo komvera mpira kam'khutu kakulirabe. Ali m'kati mofotokoza za matayala a malole, anamva woulutsa akukuwa kuti chagona. Anadzambatuka.

"Chigoliii!"

Miyendo inayamba kuvina yokha pansi pa tebulo. Sikirini nayo inapenga: mpira, matayala, mpira, matayala, mpaka inaima pa mpira pomwe ankabwereza chigolicho. Pearson anauma ngati chitsa.

A January anavala magalasi, nawerama.

"Ameneyu analalira," anatero pang'onopang'ono. "Lifali ameneyu ndi wakhungu."

"Sanalalire, bwana."

"Ukunditsutsanso?"

Bwana anasuzumira pansi pa tebulo, naona zopondera zija ndi mawaya ake. Anafunsa mmene zimagwirira ntchito, ndipo Pearson anafotokoza zonse, thukuta lili kamukamu. Bwana anazizula, nazikulunga m'nyuzipepala.

"Izi ndalanda. Iwe kuyambira mawa uzikanyamula matayala panja, ukaone ngati kuli sikirini."

Patapita masiku, Pearson akugubuduza tayala, anaona galimoto ya mayi January, eni ake enieni a shopuyo, ikuima pakhomo. Anaponya maso pawindo la ofesi. Bwana anali atatsamira pampando, akumwetulira kompyuta. Mayi atangogwira chitseko, mwendo wa bwana unagwedezeka pansi pa tebulo, nkhope n'kusanduka ya munthu wotopa ndi ntchito.

Madzulo ake a January anaitanira Pearson pambali.

"Mchemwali wako uja angawonjezere chachitatu? Chozimitsa mawu."