Mafuta a Apongozi

"Mayi akuti mulembe kuti mafutawa amachiza zipere," anatero Halima ataima pakati pa bwalo, manja ali m'chiuno.

Idrisa anali atamva kale. Ndani sakanamva? Mayi Mwanabibi, apongozi ake, akalankhula pakhomo pawo, ngakhale asodzi a ku Kachulu ankacheuka. Koma mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayankhulana maso ndi maso. Chikwatirire Halima, Idrisa anali asanawayang'anepo mayiwo kumaso. Akakumana panjira iye ankapatukira m'chimanga, iwo n'kuphimba nkhope ndi mpango. Ndiye tsikulo mkamwini anali kuseri kwa mpanda wa bango, foni ili m'manja, apongozi ali pakhonde, Halima n'kumanyamula mawu uku ndi uku.

"Uwauzenso kuti amachotsa ziphuphu!" anafuula Mayi Mwanabibi. "Ndiponso amawalitsa munthu, ngakhale wakuda ngati mphika!"

"Akuti ziphuphu. Akutinso mphika."

"Uwauze kuti ndamva," anayankha Idrisa.

Mayi Mwanabibi ankatsogolera kagulu ka amayi olima mpunga ku Likangala, amene ankapanganso mafuta odzola a nsatsi. Ankakazinga nsatsizo, kuzisinja mumtondo, kuziwiritsa, kenako n'kuwengula mafuta ndi kuwasakaniza ndi phula la njuchi komanso masamba a ndimu. Ntchito yosinjayo ndi imene inali itadya phewa la mayiwo. Dokotala wa ku Zomba anawauza kuti munsi awusiye, apo ayi mkonowo udzauma. Iwo anavomera bwinobwino kuchipatalako, pofika kunyumba n'kutenga munsi.

Chithandizo chinaoneka pamene bungwe lina linawapezera malo pa tsamba la pa intaneti, pomwe anthu a kutali amasonkha ndalama zokweza bizinesi yaing'ono, iwo n'kudzalandira katunduyo akapangidwa. Amayiwo ankafuna makina ofinyira mafuta. Chotsala chinali kulemba mawu okopa anthu, ndipo ntchitoyo inagwera Idrisa chifukwa ankakonza mafoni pa Kachulu ndiponso Chizungu chinkamumvera.

Malamulo a tsambalo anali atawawerenga mpaka kuwaloweza. Osanena kuti mafuta odzola amachiza matenda, pakuti chochiza ndi mankhwala, ndipo mankhwala ali ndi lamulo lawolawo. Osalonjeza kuyeretsa khungu. Zonse zimene zili m'botolo zilembedwe. Ankadziwa ndithu kuti zipere ndi mphikazo sizidutsa. Koma mkamwini wake uti angatumize mawu akuti apongozi alakwitsa, akudya za m'munda mwawo, akugona pamalo pawo? Analemba monga anauzidwira, n'kutumiza, akupemphera kuti wowerengayo akhale ndi tulo.

Wowerengayo analibe tulo. Yankho linabwera Idrisa ali pakabenchi kake ku Kachulu, akumasula foni ya msodzi imene inagwa m'madzi. Tsamba lakanidwa. Mwatsala ndi mwayi umodzi wokonza, ndipo mtsogoleri wa gulu avomereze yekha mawu onse. Likakanidwanso, malo anu tipatsa gulu lina.

Anapalasa njinga kubwerera kunyumba osaona ndi maenje omwe. Anamupeza Halima akupeta mpunga.

"Mayi a nyumba, ukawafotokozere mayi kuti zipere zija zichoke."

"Ine?" Halima anaseka mpaka lichero linapendama. "Lamya yanu lero yatha mayunitsi, bambo. Ndikakangoyamba adzati, iwe ndinakusambitsa ndine, ukudziwa chiyani za mafuta? Mayi anga aja ndimawadziwa."

"Nanga ine ndiye andimvera?"

"Inu mumangoti ndamva, ndamva. Tsiku limene mudzati ayi adzadzidzimuka, n'kumvetsera. Musaope. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Akakupserani mtima mudzangoterereka kubwerera kwanu, ine katundu ndikumangirani."

"Ukuseka pamaliro."

"Sindikuseka ayi." Apa nkhope ya Halima inasintha. "Dzulo mayi alephera kumanga mpango kumutu, ndawamanga ndine. Ndili ndi mantha, Che Idrisa."

Idrisa anayesa kuzemba. Analemba yekha mawu ena oyera, opanda cholakwa n'chimodzi chomwe, n'kumuwerengera mkazi wake. Mafuta odzola opangidwa ndi nsatsi, phula ndi ndimu. Ndi abwino pakhungu. Chonde tithandizeni. Halima anayasamula dala, kukamwa konse.

"Zimenezo ngakhale ine mwana wawo sindingasonkhe. Mwalemba ngati chikwangwani cha pachipatala."

Zinamupweteka chifukwa zinali zoona. Mawu a apongozi anali ndi moto koma oletsedwa, ake anali ololedwa koma ozizira.

M'mawa mwake akutulutsa njinga anamva mtondo ukulira kuseri kwa khitchini. Unkalira modukizaduka. Gu! Kenako zii. Gu! Anasuzumira pampata wa mpanda. Mayi Mwanabibi ankakweza munsi ndi mkono umodzi, winawo atawupanikiza pachifuwa. Munsi unawapulumuka n'kugwera pansi. Anakhala pamphepete pa mtondo, atagwira phewa, akuluma mlomo kuti asamveke, poganiza kuti palibe akuwaona.

Chisoni chinamugwira Idrisa, ndipo manyazi ake anawaona kuchepa. Anatsamiritsa njinga, n'kulowa m'bwalomo akuwomba m'manja. Anakhala pansi chapatali, msana ataulozetsa kwa apongozi, maso ali kumpanda.

"Odi, mayi. Ndine, Idrisa."

"Ii! Halima! Halima iwe!" Mayiwo anakoka mpango n'kudziphimba. "Bwera udzamve, amuna ako kuno asochera njira!"

Halima anatulukira pakhomo, koma anangotsamira chitseko, pakamwa atatseka ndi dzanja.

"Sindinasochere, mayi. Mundikhululukire. Tsamba lija alikana, ndipo tatsala ndi mwayi umodzi. Mawu a zipere, a ziphuphu ndi owalitsa khungu aja ayenera kuchoka."



"Mukuti ndine wabodza?"

"Ayi, mayi. Eni tsambalo akuti chinthu chikamachiza ndiye kuti ndi mankhwala, ndipo mankhwala amayamba ayesedwa ndi a zachipatala. Athuwa sanayesedwe. Ndi odzola basi."

"Mwana wa Che Amidu zipere zinatha atadzola mafuta angawa!"

"Zinatha, mayi. Komatu mlungu womwewo anapitanso kuchipatala. Ndinamukweza ndine panjinga."

Halima anatsamwa ndi chiseko. Mayi Mwanabibi anamuponyera khoko la nsatsi osaphonya.

"Ndiye tikachotsa zonsezo tilemba chiyani?" anafunsa mayiwo, mawu atatsika. "Pamsika ukapanda kukuwa, katundu umabwerera naye pamutu."

"Mundiuze zimene mwaona ndi maso anu. Munayamba bwanji kupanga mafutawa?"

Poyamba anang'ung'udza kuti nkhani zakale sizigulitsa malonda. Kenako zinayamba kutuluka zokha. Anasimba za nyengo yowokera mpunga, pamene mzimayi amaima m'matope kuchokera m'bandakucha mpaka dzuwa kupendeka, akatuluka miyendo ili mbuu, khungu litauma ngati pansi pa Chilwa chaka chimene nyanja inaphwa. Anasimba za amayi awo, amene madzulo ankawakhazika pamphasa n'kuwapaka mafuta a nsatsi kumapazi akuwakalipira kuti asiye kuyendayenda. Phula anayamba kuthiramo kuti mafuta asamayenderere m'thumba. Ndimu anawonjezera chifukwa cha amayi oyanika matemba ku Kachulu, amene ankadandaula kuti akalowa minibasi ya ku Zomba anthu amatsegula mawindo.

"Munthu akadzola, khungu limafewa, ndipo amanunkhira ngati munthu. Basi. Kodi zimenezo n'zolemba?"

Idrisa anali akulemba kalekale, zala zikuthamanga pafoni. Atamaliza anawerenga mokweza, akumasulira m'Chinyanja, msana ukadali kwa apongozi. Anayamba ndi matope a ku Likangala, n'kubwera kwa mayi wopaka mwana wake mafuta, kenako zonse za m'botolo, nsatsi, phula, ndimu. Anawonjezera kuti munthu ayambe wayesa pang'ono pamkono, ndi kuti mafutawa si mankhwala. Pomaliza ananena za makinawo, kuti amayiwa apumule kumtondo.

Halima sanayasamule. Ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kumanamizira utsi wa kukhitchini.

"Zipere zokhazo," anatero Mayi Mwanabibi monyengerera. "Muziike kumapeto, mwa tizilembo ting'onoting'ono. Saziona."

"Ayi, mayi."

 Mawuwo atatuluka, Idrisa anadikira kuti auzidwe zomanga katundu.

"Ha! Mwana wa eni wayamba kundikaniza pakhomo panga." Anapumira m'mwamba. "Chabwino. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tumizani momwemo, ndavomera."

Masiku odikira yankho anali aatali. Idrisa anabisa munsi padenga la khola la mbuzi, ndipo apongozi ankaufunafuna akutukwana ana a oyandikana nawo. Lachisanu masana, atabwera kuchokera kumzikiti, foni inalira. Anawerenga, n'kuwerenganso, kenako anathamangira kumpanda kuja monga mwa chizolowezi.

"Halima! Uwauze mayi kuti tsamba alilola! Latsegulidwa, ndipo anthu ayamba kale kusonkha!"

Halima anaimba nthungululu mpaka mbuzi zinabalalika. Koma kuchokera pakhonde kunamveka mawu aakulu aja.

"Halima asandiuze kanthu. Kodi mwini nkhaniyo pakamwa patupa? Abwere kuno."

Idrisa analowa m'bwalo mwakachetechete, n'kukhala pansi chofulatira monga tsiku lija. Anamva mpando ukukhwekhwerezedwa kumbuyo kwake.

"Khalani apa, bambo. Ndipo mutembenukire kuno, ndione nkhope ya munthu amene anandikaniza."

Anatembenuka pang'onopang'ono, makutu akutentha. Mayi Mwanabibi anali atatsitsa mpango. Anali ndi maso aang'ono oseka, ofanana ndendende ndi a Halima, ndipo anamuyang'anitsitsa kuyambira kuchipumi mpaka kuchibwano.

"Ii, Halima mwana wanga, zaka zonsezi osandiuza kuti mwamuna wako ali ndi makutu otere?" Anaseka mpaka kugwira phewa lodwalalo. "Palibe kanthu. Ukaipa dziwa nyimbo. Tsopano ndiwerengereni, mwana wanga, anthu a kutaliwo akuti chiyani za mafuta anga."

Idrisa anasendeza mpando pafupi, n'kuyamba kuwerenga.