Phula la Alamu Anga

Bwana Eliphalet Wadleigh anandipeza pagombe m'mawa, ndikumata boti la asodzi. Anali loya, komanso wapampando wa komiti ya ufulu m'tauni mwathu. Akaima pabwalo kunena kuti mfumu ya ku Mangalande isatilamulirenso, anthu ankaiwala kuti kunja kukuzizira.

"A Hatch, tikufuna mphika wa phula masana ano."

"La boti liti?"

"Si boti. Ndi alamu anu."

Asa Crowell anali mlongo wake wa malemu mkazi wanga, Mehitabel. Komiti italetsa tiyi wa ku Mangalande, iye anapitiriza kugulitsa m'sitolo mwake, ndipo Lamulungu lililonse ankapempherera mfumu mokweza. Chilango cha anthu otere chinali kuwapaka phula n'kuwathira nthenga pamaso pa anthu.

"Ayi," ndinatero.

"Palibe vuto. Gideon Pike wosula zitsulo wadzipereka kale. Akuti aliwiritsa pa ng'anjo yake."

Phula la mitengo ya paini likangofunda limangokakamira pathupi. Likawira limachoka ndi khungu lomwe, ndipo munthu sakhalitsa. Pike akanadziwa zimenezi akanawonjezera makala.

"Ndibweretsa," ndinatero. "Koma moto ndisonkha ndine, kupakanso ndipaka ndine."

A Wadleigh anandisisita paphewa. "Ufulu ukufuna anthu ngati inu."

Masana pabwalo la kutchalitchi panadzaza anthu. Chipale chofewa chinali chitauma gwa. Amayi ena anabwera ndi mitsamiro ya nthenga za atsekwe. Anyamata a komiti anamuvula Asa mpaka m'chiuno, namumangirira manja kumbuyo. Asa atandiona ndi mphika anaseka.

"Alamu, mwabwera kudzandimata ming'alu? Yambani ndi mutuwu, akuti ndi umene ukudontha."

Ndinaviika chala mumphika. Phulalo linali lofunda ngati mkaka wongokama kumene.

A Wadleigh anakwera pambiya. "Bambo Crowell, ingonenani kuti mfumu itembereredwe, muvale malaya anu muzipita."

"Ine ndinalumbira kamodzi, a loya. Inu mumalumbira malinga ndi amene wakulembani ntchito."

Ndinayamba kupaka. Paphewa, pamsana, pachifuwa. Nditafika pakhosi ndinamunong'oneza.

"Kuwani, alamu. Kuwani ngati likuwotcha."

"Koma silikuwotcha."

"Akufuna amve mfuu. Akaimva akhuta, apita kukamwa mowa."

"Zaka zonsezi muli duu, lero mwatsegula pakamwa kuti mundiphunzitse bodza?"

Anatseka pakamwa. Nthenga anamuthira, iye ali chilili, maso ali kunyanja.

"Tsekwe ameneyu salira bwanji?" anatero Pike. "Iwe Hatch, waphika phula kapena phala la mwana?"

Anaponya chikuni pamoto wa mphikawo. Ndinachisolola, n'kuchiponya m'chipale. Anaponya china. Ndinasololanso. Anthu anayamba kung'ung'udza. Anali atasiya ntchito zawo, ataima pachisanu, ndipo sanaone chimene anadzera.

A Wadleigh ankadziwa kuwerenga nkhope za anthu kuposa aliyense amene ndinamuonapo. Anakweza dzanja, phokoso linazilala.

"Abale, ife si nyama, sitiwotcha munthu. Mukwezeni pangolo. Azungulire tauni mpaka atakumbukira dziko lake."

Anthu anawomba m'manja.

Ngolo inadutsa kuchigayo, kusukulu, kenako inatsikira kudoko kumene mphepo ya kunyanja imadula ngati mpeni. Pamphambano iliyonse ankaima, a Wadleigh n'kufunsa funso lomwe lija. Poyamba Asa ankayankha mwachipongwe. Kenako ankangopukusa mutu. Kenako nsagwada zinkangogundana.

Ine ndinkatsatira pambuyo ndi jasi langa m'manja. Ndikayandikira, Pike ankandikankha ndi mfuti.

"Wamudyetsa kale phala, ukufuna umufunditsenso?"

Dzuwa litapendeka anthu anayamba kuchoka m'modzim'modzi. A Wadleigh anali ndi alendo a ku Boston amene ankawadikira kunyumba. Ngoloyo anangoisiya kudoko, bulu ali chimangire.

Ndinamubereka Asa mpaka kwanga. Ndinamugoneka pafupi ndi moto, n'kuyamba kumupaka mafuta a nkhumba ndi kupala phula ndi kathabwa. Linkachoka bwino. Pakhungu panalibe chilonda ngakhale chimodzi. Koma zala za kumapazi zinali zitada ndi chisanu, ndipo m'chifuwa munkalira ngati chitseko chakale.

Atatsitsimuka anadziyang'ana pamkono.

"Ntchito yabwino, alamu. Sindidonthanso."

"Mukanakuwa."

"Inuyo mukanakuwa?"

Ndinamumwetsa msuzi.

Dokotala wa m'tauni anali wa komiti. Anati abwera mawa lake. Mawa lake anati hatchi yatsimphina. Asa anatsokomola magazi masiku angapo, kenako anasiya kundizindikira. Anamwalira Loweruka masana, ndikumutembenuza.

Sabata yomweyo tauni inasankha a Wadleigh kukatiimira kumsonkhano waukulu wa ufulu. Belu linalira, anyamata anawomba mfuti m'mwamba powaperekeza. Ndinkamva zonsezo ndili kumanda.

Abusa anatumiza mawu kuti ali ndi chimfine. Wokumba manda anati khasu lake labwerekedwa. Nthaka inali itauma ndi chisanu, piki inkangodumpha. Ndinasonkha moto pamalopo, ndinadikira kuti pafewe, ndinakumba mpaka pamene panalimbanso. Kenako ndinatolera nkhuni zina, n'kusonkhanso.