Phazi la Rahila m'Dambo la Chia

Phazi lamanzere la Rahila linafa ndi jakisoni. Malungo atamugwira mu Okutobala, anapita kwa bambo wina amene ankabaya anthu kuseri kwa golosale, ndipo singano inakalasa mtsempha wa m'thako. Malungo anathadi, koma phazi linangoti lende ngati khutu la mbuzi. Akati aponde, zala ndizo zinkayamba kugunda pansi n'kumakhwekhwereza fumbi. Kuti asagwe ankachita kukweza bondo m'mwamba, ana opanda mwambo n'kumamuyeseza kumbuyo.

Chinali chaka chachiwiri cha matipate, aliyense atatsegula pakamwa, ndiye mlongo wamng'ono wa Rahila, Zaidi, anatsegulanso pake. Iyeyu anali mwini mbumba chimwalirireni malume awo, ndipo udindowo ankaumva kukoma kwabasi. Anabwera kudzanena kuti munda wa mpunga wa kudambo la Chia, umene mayi awo anasiyira Rahila, sungagone chaka chathunthu. Januwale akatha mbande zisanawokeredwe, aupereka kwa Madina, mwana wa mayi awo aang'ono. Rahila anali wamasiye wa ana anayi, onse ali kusukulu yaulere ija. Mundawo ndiwo unkawadyetsa, ndipo munda ukapita kwa wachibale subwerera. Rahila anapsa mtima koopsa.

Anamva kuti akatswiri a zipangizo za olumala amafika kuchipatala cha pa boma kamodzi pa miyezi itatu. Tsikulo litakwana anakwera matola, Zaidi akumuperekeza, poti mwini mbumbayu ankafuna anthu aone kuti amasamala mlongo wake.

Amene anawalandira anali mayi wina wamfupi, wolankhula mosapsatira, dzina lake Rute. Anagwira phazilo, kulipinda uku ndi uku, nanena kuti mtsemphawo mwina udzadzuka, mwina ayi. Kenako anayala zinthu zitatu pabenchi. Panali jombo yachikopa yakuda bii, yokhala ndi zitsulo ziwiri zokwera mpaka pansi pa bondo. Panali china chapulasitiki choyera, chokumbatira katumba ndi chidendene, cholowa m'nsapato. Chachitatucho, abale, chinali chomvetsa chisoni: lamba womanga pamwamba pa kakolo, wina wozungulira phazi pafupi ndi zala, pakati pake mphira wodula ku chubu cha njinga wokokera phazi m'mwamba.

Zaidi anathamangira jombo, akuti imeneyo ndiyo yaulemu, munthu angaivale ngakhale kuukwati. Ataona cha mphira chija nkhope inagwa, chifukwa kunyanja konse ankachidziwa: ndicho ankavala odwala khate. Rahila nayenso anachizindikira ndipo anachita mantha. Ankadziwa mmene anthu amachitira ndi wakhate, kumupatulira mbale ndi chikho chakechake.

Komabe anafunsa za matope. Mayi Rute anaseka, nati funso limenelo n'koyamba kulimva. Anafotokoza kuti jombo ikalowa m'dambo chikopa chimawola, zitsulo zimachita dzimbiri, mwinanso matope amangoimeza. Chapulasitiki chimadalira nsapato, ndipo nsapato ikatsalira m'matope nacho chatha ntchito. Cha mphira chimalowa m'madzi n'kutuluka, mphirawo ukaduka wokonza njinga aliyense ali nawo. Koma munthu atenge chimodzi basi, poti pamzere panali anthu ambiri.

Zaidi anakokera Rahila pambali n'kumunong'oneza kuti aganizire mbiri ya banja, komanso ana ake aakazi adzawakwatira ndani.

"Jomboyo ikandiwokerera mpunga?" anafunsa Rahila.

Rahila anatambasula mwendo kuti mayi Rute amumange cha mphira. Ataimirira n'kuyenda pakhonde, phazi linadzuka, chidendene chinayamba kuponda pansi koyamba m'miyezi itatu. Anasangalala mpaka misozi, ngakhale mantha aja anali asanachoke.

Kumudzi nkhani inawanda tsiku lomwelo. Amayi atatu amene ankathandizana naye kuwokera chaka ndi chaka anayamba zifukwa, wina mutu, wina maliro a ku Benga. Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti mnzake wa ponda apa m'pondepo anakana kulandira madzi akumwa m'manja mwake. Rahila anafotokoza za jakisoni mpaka kukhosi kuuma, kenako anasiya. Pakamwa pa anthu sungapatseke.

Analowa m'dambo yekha. Tsiku loyamba anagwa kawiri, lamba anamusupula khungu, iye n'kukulungapo kansalu. Tsiku lachinayi mphira unaduka. Anakapempha chubu chakutha kwa wokonza njinga, nadula timizere titatu n'kumayenda nato pamfundo ya chitenje. Akabwera madzulo mwendo unkachita kutupa, ana n'kumamuthowa ndi madzi otentha, m'mawa uyo wabwereranso. Koma ntchito ya amayi anayi si ya munthu mmodzi wa phazi limodzi ndi theka. Mwezi unkatha, chigawo cha kumunsi chikadali madzi okhaokha.

Pa tsiku lomaliza la Januwale Zaidi anatulukira ndi Madina, atavala buluku lositasita ndi nsapato zopolisha, ngati akupita kumsonkhano. Anaima pamtumbira wa m'malire, nayang'ana mizere yobiriwira ija nthawi yaitali, poti sankayembekeza. Kenako Zaidi anakhosomola n'kuyamba kunena kuti pangano ndi pangano, chigawo chotsalacho atenge Madina.

Rahila anaweramuka. Anayenda m'madzimo pang'onopang'ono mpaka pamtumbira, naponda pamtunda mphira uli poyera, osaubisa ndi chitenje. M'dzanja anali ndi mtolo wa mbande, ndipo anautambasulira kwa Zaidi.

"Dzuwa silinalowe, Januwale sanathe. Landira. Kapena nawenso ukuopa dzanja langa, iwe amene ndinakubereka kumbuyo?"

Madina anabwerera m'mbuyo. Zaidi anayang'ana dzanja lamatopelo, ndipo manyazi anamugwira osati masewera. Anavula nsapato, napinda buluku mpaka m'mawondo, nalandira mbandezo m'manja mwa mlongo wake. Madina ataona zimenezo anatembenuka kubwerera kumudzi yekha.

"Yambira uko," anatero Rahila, akulowanso m'madzi. "Ndipo uwongole mzere, uno ndi munda wanga."