Ndinalambalala Maliro pa Njinga ya Amalume

Maloto a dzana akundisowetsa mtendere. Ndinalota ndili pa njinga yamoto ya amalume, yomwe ndimachitira kabaza chisiyireni sukulu. Mvula yoyamba inali itangokata, dothi likununkhira. Kutsogolo anali atayala masamba pamsewu kusonyeza maliro, aliyense akutsika njinga n'kumakankha.

Ine zokankha ayi. Ndinakhotera m'munda mwa eni.

Njinga inkayandama pamwamba pa mizere, injini osamveka. Chimanga chongomera kumene chinkandinyambita akakolo, ngumbi zikutuluka m'manja mwa malaya anga. Kenako kumbuyo kunalemera. Kunali mayi amene sindinawakweze, atafunda chitenje chonyowa chonunkha utsi.

"Achimwene, mukuponda chimanga cha malemu," anatero mofatsa, atanditsamira. "Ana ake adya chiyani?"

Nditacheuka, msewu kunalibe. Masamba okhaokha mpaka kuphiri.

Kutacha ndinawafotokozera amalume.

"Maloto ako ndilibe nawo ntchito," anatero akutsuka m'kamwa. "Koma ukadzangolambalala maliro usana, makiyi anga ubweze."

Makiyiwo ndiwasunga, ndilibe kwina kodyera. Koma mayi aja anali ndani? Mpaka pano msana wanga ukuzizira pomwe anatsamira.