Tsitsi la Indumati

Mayi wometa uja anali atanola kale lumo lake pamene mayi Nistarini anatuluka m'chipinda chopempherera. Anayang'ana lumolo, kenako anayang'ana mpongozi wawo wamng'ono amene anakhala pamphasa pakati pa bwalo la akazi, mutu ataweramitsa.

"Lero ayi," anatero. "Ubwere tsiku lina."

"Amayi, dzulonso munati lero ayi," anadandaula Mokshada, mkazi wa mwana wawo woyamba, makiyi a nyumba yonse akulira pansonga ya sari, nsalu imene anavala. "Munthuyu akuchokera kutali."

"Mupatseni mpunga adye, azipita."

Indumati sanadzutse mutu. Zibangili zake anamuphwanyira kumtsinje tsiku lomwe anatentha mtembo wa mwamuna wake. Utoto wofiira wa pamutu, chizindikiro cha mkazi wapabanja, anamupukuta, nsalu yoyera anamuveka. Chimene chinatsala ndi tsitsi basi, lakuda bii, lopitirira m'chiuno. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo analibe mwana.

Mwamuna wakeyo, Nilkanta, anali chitsirizira cha mayi Nistarini. Kolera inamugwira m'mawa mvula ikugwa, kutacha tsiku linalo munthu kunalibe.

M'nyumba ya a Sanyal ku Bagbazar aliyense ankalemba. Malemu bambo awo anasiya mabuku a nyimbo. Ndakatulo za Ambikacharan, mwana woyamba, ana asukulu ankaziloweza mu Calcutta monse. Wachiwiri ankalemba zisudzo, ndipo ngakhale alongo awo okwatiwa ankatumiza nkhani ku magazini ya banjalo. Nilkanta yekha ndiye sanalembepo kanthu. Mlendo akafunsa kuti, "Nanga uyu amalemba zotani?" iye ankaseka n'kunena kuti, "Ine ndimawomba m'manja. Tonse tikamalemba, awombe ndani?"

Masana a tsikulo Mokshada anapita ndi tiyi kuchipinda cha mwamuna wake. Anamupeza atagwira cholembera, pansi pali mapepala okwinyakwinya. Magazini inkadikira mawu okumbukira malemuyo, ndipo aliyense ankadziwa woyenera kuwalemba.

"Bambo a Sudha, mwalankhula nawo amayi anu?"

"Ukuona ndikulemba."

"Mukulemba chiyani? Ine ndikuona pepala loyera."

Ambikacharan anaika cholembera pansi. Mokshada anakankha chitseko ndi chidendene, natsitsa mawu.

"Tsiku lotsiriza maliro a Bhaduri, ofunsira Sudha aja, akubwera, ndipo azakhali a mnyamata uja adzalowa kwa akazi kuno. Mukuwadziwa anthu aja. Akadzaona wamasiye ali ndi tsitsi, ukwati wa Sudha wathera pomwepo. Mwana wafika zaka khumi ndi zitatu, anthu ayamba kale kunong'ona."

"Ndakatulo ya akazi amasiye ija ndinalemba ndine," anatero Ambikacharan. "Anthu analira nayo m'misonkhano. Ndiye lero ndilamule lumo m'nyumba mwanga?"

"Ndakatulo sikwatitsa mwana. Mukuyesa ine ndikukondwa nazo? Indu anabwera kuno kali kamwana, ndikumuona. Koma Sudha ndinabereka ndine."

Mwamunayo anatembenuza kapu ya tiyi m'manja.

"Za aliyense ndingalembe," anatero pomaliza. "Za bambo ndinalemba usana umodzi. Koma mng'ono wanga weniweni, ndikafuna chonena, ndikungoona munthu akuseka pakona. Tiye ukandifunsire kwa mkazi wake."

Mwambo sunkalola mkazi kuonana maso ndi mkulu wa mwamuna wake, kapena kumuyankhula. Choncho Ambikacharan anaima pakhonde kuyang'ana khoma, Mokshada anakhala pakhomo penipeni, Indu ali m'kati kuseri kwa chitseko.

"Mufunse ngati Nilkanta anali ndi buku limene ankalikonda."

Indu anamva bwinobwino, koma anadikira kuti Mokshada abwereze.

"Didi, akulu anga, muwauze kuti ankati akangotsegula buku, tulo tafika."

"Akuti ankawerenga kwambiri," anatero Mokshada.

"Ndamva zimene wanena," anayankha Ambikacharan, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro, anaseka pang'ono. "Mufunse china chilichonse chimene akukumbukira. Chilichonse."

Kenako mawu a Indu anamveka, otsika, akulankhula kwa Mokshada.

"Didi, mukukumbuka kuti ndinabwera kuno ndili ndi zaka khumi. Kwathu ankandiluka tsitsi ndi amayi. Kuno ndinkaopa kupempha aliyense, inu nomwe ndinkakuopani. Ndinkangofunda nsalu kumutu, mpaka tsitsi lonse linachita mfundo. Tsiku lina malemuwo anandipeza pansi pa bedi ndikulira. Sanandifunse zambiri. Anatseka chitseko, anakhala pansi, n'kuyamba kumasula mfundo imodziimodzi ndi zala. Atamaliza anandiluka."

Mokshada anatembenuka. "Malukidwe okhota aja? Amene tinkakuseka nawo kuti mchira wa mbuzi?"

"Anali iwo. Mutandiseka ndinawauza kuti asiye. Iwo amvekere, 'Ndiye ndiphunzire bwino.' Ankapita kukhola kukaphunzirira pamchira wa hatchi ya ngolo. Inawaponda kawiri."

"Mayo ine! Paja anatsimphina mwezi wathunthu, n'kumati wagwa pamasitepe!"

"Chiyambire pamenepo palibe wina analukapo tsitsi langa. Ngakhale nditakula, ndikudziwa ndekha, ankakana. Ankati, 'Mlamu wanu ali ndi ndakatulo, ine ndili ndi iyi, musandilande ntchito.'"

Mawu amenewa Mokshada sanawabwereze, ndipo Ambikacharan sanapemphe. Anaima pang'ono, nanena kwa khomalo kuti, "Zikomo, mwana wa amayi," n'kutsika masitepe mwakachetechete.

Mokshada ankati adzuke pamene Indu anamugwira nsonga ya sari.

"Didi, za Sudha ndamva. Muitanitseni wometa uja mawa, amayi ndikawauza ndekha. Woliluka wapita, ndilisungirenji?"

Chimene Mokshada anakhala akupempha masiku onsewa chinali chimenechi. Koma anangoyang'ana dzanja lopanda zibangili lija, nalichotsa pang'onopang'ono, n'kutuluka.

Kutacha wometa uja anabweradi. Mokshada anakamuchingamira yekha pachipata cha kumbuyo, namupatsa mpunga ndi sari yakale, namuuza kuti kunoko ntchito yatha. Mayi Nistarini anaona zonsezo ali pazenera la m'mwamba.

Tsiku lotsiriza maliro nyumba inadzaza. Kubwalo lakunja ansembe ankaimba mapemphero, ana aamuna atameta mipala. Kwa akazi, azakhali a kwa Bhaduri anawakhazika pamalo aulemu, nawaikira maswiti a mkaka m'mbale yamkuwa. Anali mayi wonenepa wa maso akuthwa. Anayeza Sudha kuyambira kumapazi mpaka kumutu, namuuza kuti ayende pang'ono, nagwedeza mutu mokhutira. Kenako Indu anabwera ndi madzi. Powerama, nsalu inatsetsereka, ndipo tsitsi lolukidwa linagwera paphewa.

Akazi onse anasiya kutafuna.

"Kodi uyu ndi wamasiye kapena mkwatibwi?" anafunsa azakhaliwo.

Mayi Nistarini anatsegula pakamwa, koma Mokshada anawapitirira.

"Ndi mng'ono wanga, azakhali. Tsitsilo ndamuluka ndine m'mawa uno. Mwaliona bwanji, lakhota?"

Azakhaliwo anakankha mbale ya maswiti, naitanitsa ngolo yawo. Patapita masiku ochepa uthenga unabwera wakuti nyenyezi za ana awiriwo sizikugwirizana, choncho ukwati sungatheke. Mokshada anaumva ali kukhitchini. Anakhala pafupi ndi moto nthawi yaitali, akunamizira utsi. Ambikacharan, amene sanapondepo kukhitchini chikwatirireni, anabwera n'kuima pakhomo.

"Musanene kanthu," anatero mkaziyo. "Mukangoyamba za ndakatulo, ndikugendani ndi chikuni."

Mwamunayo analowa, nakhala pansi pambali pake, utsi ukumuluma m'maso nayenso. Sudha anadzakwatiwa patapita chaka, ndi mphunzitsi wina wofatsa wa ku Krishnanagar, koma tsiku limenelo palibe ankadziwa zimenezo, ndipo mantha awo anali enieni.

Lachinayi lotsatira, dzuwa litapendeka, Indu anakwera padenga kukanula zovala. Kuseri kwa nsalu zoyanikidwa anapeza apongozi ake atakhala pakampando, nsalu itagwera m'mapewa. Sanawaonepo mutu uli pamtunda. Unali wometedwa, timatsitsi toyera titangotuluka ngati mchere. Pambali pawo panali kambale ka mafuta a kokonati ndi chipeso chamtengo.

Indu anafuna kubwerera, koma mayiwo anamuitana.

"Bwera, Bouma, mpongozi wanga. Usandione ngati ndapenga. Miyendo yangondibweretsa yokha."

Indu anagwada pambali pawo.

"Bambo ake a Nilkanta atamwalira, iye anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri," anatero mayi Nistarini, maso ali kumadenga a nyumba za anthu. "Tsiku limene anandimeta ndinathawira kuno. Akulu ake anali pansi, akukangana za nyimbo yoti aimbe pamaliro. Iye ananditsatira. Anandiyang'ana, n'kuthamangira pansi. Ndinati basi, mwana wandiopa. Posakhalitsa ndinangoona wabwera ndi chipeso ichi. Amvekere, 'Amayi, khalani bwino ndikupeseni.' Ndinati, 'Upesa chiyani, mwana iwe?' Iye amvekere, 'Musagwedezeke, lingapotane.'"

Anaseka, misozi ikutsika.

"Lachinayi lililonse, mpaka ndevu kumera, mpaka kukwatira. Inu nonse ankakuuzani kuti akukadyetsa nkhunda."

Indu anaika zovala zija pansi. Anaviika zala m'mafuta, napaka pamutu pa apongozi ake pang'onopang'ono. Kenako anatenga chipeso, nagwada kumbuyo kwawo. Anayambira pamphumi, nadutsa paliwombo, nafika pankhongo. Pamenepo anaima, chifukwa mutu unali utatha.

"Iye sankalekeza pamenepo," anatero mayi Nistarini.

"Ankafika pati, Amayi?"

"Langa linali lalitali kuposa lako. Ndikakhala chonchi linkagunda pansi."

Indu anatsitsa chipeso m'malere kutsata msana wa mayiwo, dzanja lina likuchirikiza kunsi kuti asawakoke, mpaka mano a chipesocho anakhudza pansi. Mayi Nistarini anatsinzina, naweramitsa mutu pang'ono. Indu anakweza dzanja, nayambanso pamphumi.