Makutu Akhale Kunja

Ndinagwa kamodzi kokha, ndipo wolakwa anali kampando, osati ine. Ndinkapachika makatani pabalaza, mwendo wa kampandoko unaterereka pa matailosi, ndipo ndinangopezeka ndili chagada ndikuyang'ana kudenga. Chiuno chinakana kudzuka. Ndinagona pomwepo mpaka mayi woyandikana nane atabwera kudzatenga siketi yomwe ndinamupindira. Mayi ameneyo ndi wa mtima wabwino, koma pakamwa pake sipatsekeka. Dzuwa lisanalowe, mwana wanga woyamba anali atamva kale.

Mwana ameneyu amagwira ntchito kubanki. Azing'ono ake amamutcha Bwana Tayi, chifukwa ngakhale pa maliro a bambo ake anafika tayi ali pakhosi, dzuwa likuswa mtengo. Loweruka m'mawa anatulukira pakhomo, nkhope ili ya kuofesi.

"Amayi, musankhe chimodzi," anatero asanakhale n'komwe. "Kaya tiike makamera m'nyumba muno kuti ndizikuonani pafoni, kaya mulongedze tikakhale limodzi kwathu. Chipinda chilipo."

Chipindacho ndimachidziwa. Chili kuseri kwa khitchini, zenera lake limayang'ana khoma, ndipo mumasungidwa njinga zothyoka za adzukulu anga. Makina anga osokera sangalowemo. Nyumba ino ndinaimanga ndi singano, amuna anga ndi sipanala, ndiye lero mwana amene ndinamusokera yunifolomu yoyamba azindiuza kokagona? Ndinakwiya mpaka m'makutu kutentha. Koma ndinameza malovu, ndinati makamera.

Chimene iye sankadziwa n'chakuti ine ndimalankhula ndi bambo ake. Papita zaka chimwalirireni, koma mkangano wathu sunathe. Ndikamathira tiyi m'mawa ndimawakumbutsa za mpopi wa kubafa umene analonjeza kukonza mpaka kulowa nalo m'manda lonjezolo. Ndikakhala pa makina ndimawasimbira za makasitomala amene amabweza mimba m'kati ndikamawayeza, kenaka n'kudzadandaula kuti diresi lathina. Masiku ena ndimawakalipira chifukwa chotsogola osatsanzika bwino. Sindiona mizukwa ayi, ndipo palibe mawu amene ndimamva. Kungoti munthu amene wamulongololera moyo wako wonse sungamuleke chifukwa choti wafa. Koma ndinkadziwa kuti Bwana Tayi akangomva zimenezi adzati mutu wa amayi wayamba kusokonekera, ndipo nyumba yanga idzapita.

N'chifukwa chake ndinati kusitolo tipita limodzi.

"Zinthu zimenezi simungazimvetse, Amayi."

"Ndikazimvetsa ndikafika," ndinamuyankha, chikwama chili kale m'khwapa.

Sitoloyo inali yopapatiza, pakati pa malo ometera ndi ogulitsira matayala. M'makoma munali makamera okhaokha, ena obulungira ngati theka la dzira, ena aatali ngati botolo, onse atatiyang'ana. Pamwamba pa kauntala panali sikirini yaikulu yogawidwa m'timabokosi, ndipo m'kabokosi kena ndinaona mayi wachikulire wowerama msana. Ndinatsala pang'ono kumumvera chisoni, kenaka ndinazindikira diresi langa. Ndinawongoka msanga.

Wogulitsa anali mayi wamagalasi, wa msinkhu wa mwana wangayu, cholembera atachibaya m'tsitsi. Anatipatsa moni tonse, kenaka anatembenukira kwa wa tayi, monga amachitira onse.

"Nyumbayo ndi yanga, mwanangu," ndinatero. "Uyu wangondiyendetsa. Lankhulani ndi ine."

Anamwetulira n'kundisunthira mpando. Anandionetsa kamera ya panja, yosaopa mvula, yoona ngakhale mumdima. Anati zithunzi zake zimayenda pawaya kukasungidwa m'bokosi lojambulira lomwe limakhala m'nyumba. Anatsitsanso ina yopanda waya, yodalira intaneti, yosunga zithunzi m'kakhadi ka m'mimba mwake momwemo. Imeneyo magetsi akathima nayonso imagona, pokhapokha ikhale ya batire.

"Nanga akuba akanyamula bokosilo?" ndinafunsa.

"Ndiye kuti anyamula ndi umboni womwe, mayi. Bokosi timalibisa. Anthu ambiri amaliika pansi pa TV, pamene wakuba amayambira."

Ndinamukonda mayi ameneyu, chifukwa sankalonjeza zakumwamba. Ndinamufunsanso ngati ya pageti ingamaone mpaka pabwalo la anzanga. Anati amaiweramitsa kuti izithera pamsewu. Ndinati zikhale choncho, amene amalowa kwa anzanga sindikufuna kuwadziwa, zanga zikundikwanira.

Bwana Tayi anali akugogoda kauntala ndi makiyi a galimoto.

"Za panjazo zili bwino, koma ife tabwerera za m'kati," anatero. "Pabalaza, kukhitchini, mukolido, ndi kuchipinda."

"Kuchipinda kwa ndani?"

"Amayi, anthu ambiri amagwera kuchipinda ndi kubafa."

"Ndiye ndi kubafa komwe? Iwe, wosambitsa mnzake ndinali ine. Sizinatembenuke ayi."

Wogulitsa anatsokomola n'kuyamba kufunafuna china chake m'mashelufu. Anabwera ndi kakamera koyera, ka mutu wozungulira ngati kadzidzi, n'kukaika pakauntala.

"Aka ndi ka m'nyumba," anafotokoza. "Kamatembenuka kokha kutsata munthu. Kali ndi maikolofoni komanso sipika. Mukagwa mutha kuitana, iwo akumvani pafoni n'kukuyankhani pomwepo."

Ndinakayang'anitsitsa kakamerako.

"Kali ndi makutu?"

"Akuthwa, mayi. Ngakhale supuni ikagwa kukhitchini kamamva."

"Kogontha kalipo?"

"Alipo opanda maikolofoni. Komanso aka makutu ake amatheka kutseka."

"Amatseka ndani?"

"Amene ali ndi nambala yachinsinsi pafoni."

Ndinayang'ana foni yomwe inali m'manja mwa mwana wanga. Iye anali atagwa nako kale m'chikondi kakadzidziko. Anapempha kuti akayese, ndipo wogulitsa anakalumikiza ku foni yakeyo. Kenaka anati apite kugalimoto akaone ngati chithunzi chikufika patali. Wogulitsa naye analowa kuseri kukatenga bokosi lojambulira kuti ndilione. Ndinatsala ndekha, kupatula bambo wina pakona amene ankayeza waya ndi mikono.

Mkwiyo unali utandifika pakhosi, ndipo ine mkwiyo wanga uli ndi kolowera kumodzi. Ndinakafulatira kakamerako, ngati kuti makutu amafulatiridwa.

"Mwamuona mwana wanu?" ndinanong'ona. "Ndinu munamulera chonchi, kumuuza kuti ndi mutu wa banja mamina ali mbwee. Mukanakhalapo akananena za kubafa pamaso pa anthu? Yankhanitu. Mwangokhala duu, mwachizolowezi."

Kumbuyo kwanga kanthu kanalira pang'ono. Nditacheuka, kamutu koyera kaja kanali katatembenukira kwa ine.

"Amayi?" Anali mawu a mwana wanga, akutuluka m'kakamerako. "Amayi, mukulankhula ndi ndani?"

Analowa akuyenda msangamsanga, foni idakali m'manja. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Koma analankhula motsitsa, ndi mawu aja amene anthu amasungira odwala, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka.

"Khalani pansi, Amayi. Musadandaule. Mungandiuze kuti lero ndi lachingati?"

Bodza linali kale pamlomo. Ndikanatha kunena kuti ndimapemphera, kapena ndimayimba, ndipo akanakhulupirira chifukwa ankafuna kukhulupirira. Koma ndinaona patsogolo pake. Ndikanama lero, ndiye kuti mawa ndizinong'ona m'nyumba mwanga ngati wakuba, kuopa mwana amene ndinamubereka ndekha. Ndinaimirira.

"Ndikulankhula ndi bambo ako."

"Amayi, Ababa..."

"Anamwalira. Ndikudziwa. Suti imene anapita nayo ndinaibweza m'chiuno ndine, chifukwa matenda anali atawadya. Usandiuze ine zimenezo. Lero ndi Loweruka. Dzina langa ndikulidziwa, lakolo ndinakupatsa ndine. Ndimalankhula nawo m'mawa uliwonse, masana ndikafuna, ndipo sindisiya. Tsiku limene nyumba ija idzakhale zii, ndiye udzadziwe kuti amayi ako adwala."

Bambo wa waya uja anali ataleka kuyeza. Wogulitsa anaima pakhomo la kuseri, bokosi lili m'manja, osadziwa politula. Mwana wanga anayang'ana pansi, kenaka anayang'ana ine.

"Lolemba tipita kwa dokotala," anatero.

"Tipita. Akandiyeze, nanenso ndikamuyeza."

Ndinatembenukira kwa wogulitsa.

"Lembani, mwanangu. Makamera awiri a panja, a waya, ina pageti, ina kukhomo la kuseri. Ya pagetiyo ikhale ndi makutu, ndi pakamwa pomwe. Makutu akhale kunja. M'nyumba simulowa kanthu kupatula bokosi, ndipo pobisa pake ndikakuuzani ndine. Zonsezo muziike pafoni iyi."

Ndinaika foni yanga pakauntala, ija yosweka pakona.

"Nanga mukagwanso?" anafunsa mwana wanga, ndipo ulendo uno mawu anali ake enieni. "Munagona pansi tsiku lonse, Amayi. Ine ndinali m'misonkhano, ndikumwa tiyi, osadziwa kanthu."

Mantha ake anali oona. Wogulitsa anatsegula kabati n'kutulutsa kabatani kofiira ka pachingwe, kovala m'khosi. Anati munthu akakadina, foni ya wachibale imalira mpaka atayankha. Sikaona, sikamva, kamangodikira chala.

"Aka ndivala," ndinatero, "chifukwa wodina ndine."

"Sizikukwanira."

"Zikwanira."

"Ndiye ya pagetiyo, ya makutu ndi pakamwa, ndi ya chiyani? Akuba mukufuna kucheza nawo?"

"Ndi yako. Ndikufuna ndizikuona ukamabwera kudzanditenga, ndiziganiza kaye ngati ndikutsegulire."

Atatulutsa khadi lake la kubanki ndinalikankha, ndinalipira ndekha. Pobwerera anandisiya pageti osazimitsa injini. Ndinapambana, inde, koma sindinakondwe. Madzulo ake bambo ake anandimva, ndipo sindinawasiyire mpata.

Amisiri anadzaika makamera mawa lake. Bokosi ndinawauza alilowetse m'kabati ya nsalu zotsalira, pansi pa mulu wa zidutswa zimene ngakhale wakuba wanjala sangazigwire. Tsiku lonselo ndinalithera pafoni, kuonera msewu wanga womwe ngati ndine mlendo.

Lolemba ndinadzuka m'mamawa. Ndinavala diresi langa labwino, kabatani kofiira kali m'khosi, kenaka ndinapita kukakoka chitsulo cha m'kati mwa geti, chimene kiyi wake wa mwana wanga sangachisunthe. Ndinakhala pa makina, koma ulusi unakana kulowa pasingano. Ndinali ndi mantha, ndisabise. Dokotala akangogwirizana naye, ine ndidzatsutsana ndi anthu awiri a matayi.

Foni inalira kuti pageti pali munthu. Ndinaona galimoto ya mwana wanga ikuima. Ndinasuzumira bwinobwino ngati m'kati muli makatoni kapena mpongozi wanga, koma munalibe. Anatsika yekha. Analowetsa kiyi, anakankha, geti linakana. Anakankhanso, kenaka anasiya.

Sanagogode. Anangoima, manja ali m'thumba, nthawi yaitali ndithu. Kamera ili pamwamba pa chipilala, ndiye ndinkamuona kuchokera kumwamba, mmene sindinamuonerepo chikulire chake, poti ine ndine wamfupi. Pakati pa mutu tsitsi linali litayamba kuyoyoka. Mwana wanga ali ndi dazi, ine osadziwa.

Anakweza maso n'kuyang'ana kamera. Anakonza pakhosi, anacheukira uku ndi uku kuona ngati mumsewu muli anthu.

"Ababa," anatero. "Ndine."

Ndinagwira m'mphepete mwa makina.

"Ndakhala ndikufuna kulankhula nanu, kungoti sindinkadziwa kuti n'zololedwa. Zambiri zandikulira, Ababa. Munandisiyira anthu ovuta." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali, n'kupukuta nkhope ndi chikhatho. "Tawauzani Amayi atsegule. Sindinabwere kudzawatenga. Ine sandimvera, mwina inu."

Misozi inagwera pansalu ya kasitomala, ndipo sindinaisamale.

"Mwamva?" ndinatero kwa bambo ake. "Ati mwina inu. Mwana ameneyu sakutidziwa. Ndipo musayambe kundiuza zochita. Aime kaye, adziwe kuti geti lili ndi mwini wake."

Ndinamusiya aime mpaka nditapukuta m'maso bwinobwino, chifukwa sindinafune kuti andione choncho. Kenaka ndinapita kukamutsegulira.